Apongozi Anga ndi Sitima ya Pansi pa Madzi

Mwezi uno chaka chakwana chiwaikireni m'manda apongozi anga, a Zuze. Pamaliro anthu anakamba zambiri: kuti anali wamkulu kuposa aliyense kuno ku Kavalamanja, kuti mphasa zimene ankaluka sizinkatha msanga, kuti palibe mwana anachoka pakhomo pawo ndi njala. Zonsezo n'zoona. Koma palibe anatchula za nyanja. Ine ndinakhala pakati pa azimayi kudikira kuti wina atchule, mpaka bokosi linanyamulidwa. Mwina ankaopa kuti anthu angaseke pamaliro, pakuti dzina lawo la m'mudzi linali a Subumarinu, mawu a Chingerezi otanthauza sitima ya pansi pa madzi, ndipo ambiri ankalitchula akumwetulira.

Ndinakwatiwa ndi mwana wawo Luwizi ndili mtsikana wa kwa Mburuma, kumene madzi amene timawadziwa ndi a pachitsime. Ndinapeza munthu wamfupi, wouma thupi, wa chipsera chachitali kuchokera pa bondo lakumanzere kufika pa kakolo. M'malo mwa ndodo ankayendera nkhafi yothyoka. Mwa mwambo wathu mpongozi sayandikira, ndiye kwa zaka zambiri kucheza kwathu kunali moni wa patali, ine nditagwada, iwo akuomba m'manja nkhope atayang'ana kumbali. Komabe munthu wokhala naye pakhomo limodzi umamudziwa ngakhale osakamba naye.

Asanakwere bwato lililonse, ngakhale lawo lomwe, ankayamba aligogoda pansi ndi chibakera n'kutchera khutu. Zambezi akakalipa ndi mphepo sankamuopa. Ankaopa masiku amene mtsinje wagona bata ngati mafuta m'mbale. Ankati madzi a phee si madzi opanda kanthu, nthawi zina ndi madzi amene akukuyang'ana. Mkate ukachita nkhungu sankalola kuutaya, ankachotsa pamwamba ndi mpeni n'kudya m'kati, n'kunena kuti anaonapo azungu akudya woposa pamenepo. Ndipo mnyamata akadzitama kuti wakutiwakuti sangamuchite choipa chifukwa amamudziwa bwino, iwo ankapukusa mutu. Ankati munthu angathe kukuona bwinobwino, mpaka kudziwa mtundu wa malaya ako, n'kukupha ndithu.

Dzina lija linabwera chifukwa cha botolo. Adzukulu akachuluka pakhomo, ankatenga botolo la pulasitiki la mafuta ophikira, n'kuliboola kumimba, n'kumangirira timiyala pansi pake. Pakamwa pake ankalowetsapo phesi la papaya n'kumata ndi phula. Akaliika mu mgolo wa madzi ankayamwa mpweya ndi phesi lija, madzi n'kulowa, botolo n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Akauzira, linkadzuka n'kutumphuka pamwamba likulavula thovu. Ana ankakuwa.

"Mwaona?" iwo ankatero. "Bwato likamira ndiye kuti lafa. Iyi imamira chifukwa yafuna."

Kenako ankafotokoza mmene sitima yeniyeniyo anaipangira. Ankati ili ndi zikopa ziwiri. Cha m'kati ndi chachitsulo chochindikala, chobulungira ngati mgolo wogoneka, ndipo anthu amakhala m'menemo. Cha kunja ndi chimene chimamwa madzi ikafuna kutsika, n'kuwalavula ndi mpweya ikafuna kukwera. Pamwamba pa nyanja imayendera injini ya dizilo yaphokoso ngati chigayo, koma pansi moto ungamalize mpweya wa anthu, ndiye imayendera mabatire, mwakachetechete. Pomaliza ankaimika chala chimodzi pamwamba pa madzi a mu mgolo, thupi lonse la dzanja lili m'kati. Limenelo linali diso, chitoliro cha magalasi chimene mkulu wa sitimayo amaonera za pamwamba iye ali pansi. Akafika pa diso, masewera ankathera pomwepo. Ankapukuta manja n'kuuza ana kuti apite akathamangitse mbuzi kudimba.

Kuno ambiri sitinaionepo nyanja. Ku Boma, pamene asodzi amamwera, nkhani yawo inali ya nthabwala. Ngakhale mvuu imatulukira kudzapuma, nanga anthu angakhale bwanji tsiku lonse pansi pa madzi? A Zuze sankatsutsana nawo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankakangana naye, ndipo ameneyo anali wowakhulupirira.

Anali a Njobvu, akatekisita a pa tchalitchi chathu, mnzawo wa nsolo. Aliyense ankadziwa nkhaniyo mwachidule: kuti pa nkhondo yachiwiri ya azungu a Zuze ankagwira ntchito pa sitima ya katundu, kuti sitima ya pansi pa madzi ya Ajeremani inaimiza, ndipo kuti Ajeremani omwewo anawavuula m'madzi. Lamulungu lina, ansembe kulibe, a Njobvu ankalalikira za wapaulendo amene anatola munthu wovulazidwa m'mbali mwa njira. Atatenthedwa ndi ulaliki analoza kumbuyo.

"Umboni tili nawo pompano! Mdani anachitira chifundo a Zuze athu awa!"

Ndinamva nkhafi ikugunda pansi. Apongozi anaimirira, chipewa chili m'manja.

"A Njobvu, ndifunseko. Uja anamutola munthuyo, ndi amene anamumenya?"

"Iyayi, anamumenya ndi achifwamba."

"Wanga ine anali mmodzi yemweyo. Pezani chitsanzo china."

Anakhala pansi. Mayi wina anayambitsa nyimbo kuti atipulumutse.

Mkangano umenewo sunathe. A Njobvu ankati mkhristu ayenera kukhululuka, ndipo munthu wopulumutsidwa ayenera kuyamika. A Zuze ankati sakukana kukhululuka, koma sanadziwe kuti ayambire pati, pakuti akati atukwane amakumbukira dzanja limene linawakoka, akati ayamike amakumbukira mkulu wawo wobadwa naye, amene anatsala m'nyanja. Ankati chinthu chimene chawakanika iwo kwa moyo wonse, munthu wina asachimalize mu ulaliki umodzi. Ankakangana choncho uku akuponya miyala m'maenje a nsolo, tsiku lina a Njobvu n'kunyanyala kupita kwawo, mawa lake n'kubweranso. A Njobvu atamwalira, apongozi anadandaula kuti tsopano atsala ndi anthu owavomereza okhaokha.

Nkhani yonse ndinaimva atakalamba kwambiri. Apongozi aakazi anali atamwalira, Luwizi amakhalitsa pa mtsinje, ndipo chipsera chija chinatseguka n'kusanduka chilonda chosapola. Ku kiliniki anatipatsa mankhwala n'kunena kuti chizitsukidwa m'mawa uliwonse. Panalibe wina woti achite. Ndinabwera ndi beseni, n'kugwada patali monga mwa masiku onse.

"Amake Tonyo," anatero, kunditchula ndi dzina la mwana wanga woyamba, "mwendo sungabwere kumeneko wokha. Senderani. Mwambo utikhululukira."

Tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndikumanga bandeji, anati amene anayamba kumanga mwendo umenewu anali ndi ndevu zofiira. Ndipo anayamba, osandiyang'ana.

Anabadwira kutsidya, ku Zumbo. Iwo ndi mkulu wawo Alufandika anathawa chibalo cha Apwitikizi, ntchito yokakamiza ija, n'kutsika ndi mtsinje mpaka ku Tete, kenako ku Beira. Kumeneko analembedwa pa sitima ya Agiriki yonyamula shuga ndi malasha. Alufandika anali wamphamvu, anamuika pansi, koponya malasha m'ng'anjo. A Zuze anali wochepa thupi, anawapatsa ntchito yopala dzimbiri ndi kupaka penti pamwamba. Za nkhondo ankangomva kuti azungu akumenyana kwawo.

Tsikulo kunali m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, nyanja ili bata. Anthu ena ankachapa malaya, wophika ankamwaza nyenyeswa kwa mbalame. A Zuze anaona mzere woyera ukubwera pamadzi, wowongoka ngati wojambula ndi chingwe. Anaganiza kuti ndi nsomba yaikulu, ndipo anatembenuka kuti aitane mnzawo adzaone. Anadzazindikira ali m'madzi, makutu atatseka, mwendo wang'ambika. Sitima inathyoka pakati. A kung'anjo palibe anatuluka.

"Ndinaitana Alufandika mpaka mawu anatha," anatero. "Nyanja inangobweza matabwa ndi malaya aja ankachapa."

Boti lopulumukira limene anzawo anakwera linali litatengedwa patali, ndipo iwo anagwira thabwa. Ndiye madzi anayamba kuwira pafupi nawo. Munatuluka chinthu chakuda, chachitali, madzi akutsika m'nthiti mwake, chili ndi dzimbiri ndi ndere ngati chakhala zaka m'matope. Pamsana pake panatseguka chivundikiro, n'kutuluka anthu. Iwo ankayembekeza asilikali oopsa. Anaona anyamata oonda, otuwa ngati mbatata yosenda, ndevu zosameta, ovala makabudula ong'ambika, akuphethira ndi dzuwa. Wina anaponya chingwe. A Zuze anachigwira, pakuti munthu womira sasankha mwini chingwe.

Atangowakokera pamwamba, belu linalira ndipo wina anakuwa akuloza kumwamba. Kunali kubwera ndege. Onse anathamangira pa chivundikiro chija, ndipo wa ndevu zofiira anawagwira pakhosi pa malaya n'kuwagwetsera m'dzenjemo ngati thumba la chimanga. Chivundikiro chinatsekedwa. Pansi panapendekeka, ziwiya zinagubuduka, ndipo anamva madzi akulowa m'makoma ndi mkokomo.

"Fungo, amake Tonyo. Dizilo, thukuta, nkhungu, chimbudzi, zonse pamodzi. Mpaka lero likandipeza m'maloto ndimadzuka."

M'katimo munali mopanikiza moti anthu awiri sakanadutsana osakhudzana. Paliponse mapaipi ndi tizitsulo tozungulira topotokola. Makoma ankachita thukuta n'kumadontha. Zitseko zinali zobulungira, zolowa chowerama. Anawagoneka pa kabedi kopapatiza, ndipo anakapeza kofunda, chifukwa mwini wake anali atangodzukapo. M'menemo bedi limodzi ankagonapo mosinthana. Pafupi ndi mutu wawo panagona chitsulo chachitali chopakidwa girisi, chonenepa ngati thunthu la mtengo. Panapita kanthawi asanazindikire kuti chinali bomba, chinzake cha chija chinajambula mzere pamadzi.

Kenako mabomba a ndege anayamba. Anati phokosolo silimvekera m'makutu, limamvekera m'mano ndi m'mimba. Magetsi anazima n'kuyakanso. Chitsulo chonse chinkalira ngati denga lakale pa mphepo. Wa ndevu zofiira anali atagwada akumanga mwendo wawo, ndipo bomba lina litaphulika pafupi anasiya bandeji n'kuwagwira dzanja mwamphamvu. A Zuze ankaganiza kuti akuwalimbitsa mtima. Atamuyang'ana anaona kuti milomo ikunjenjemera. Anali mnyamata wa msinkhu wawo womwe, ndipo m'khosi mwake munali kamendulo ka tchalitchi kofanana ndi kamene amayi awo anawaveka pochoka ku Zumbo.

"Sankandigwira ine kuti ndisaope. Ankagwira kuti iye asagwe. Ndiye ndinamugwira nanenso. Nanga ndikanatani?"

Zitatha, anakhala pansipo nthawi yaitali, anthu akuyenda ndi masokosi okha, akulankhulana ndi manja. Mpweya unalemera, mutu unayamba kupweteka. Wina anawapatsa khofi m'kapu yachitsulo ndi mkate wosenda nkhungu. Anamwa. Anati chimene sanachiiwale n'chakuti khofiyo anakoma. Alufandika anali penapake m'madzi omwewo, mwina pansi pawo penipeni, ndipo iwo anamwa mpaka kapu inauma.

Powapititsa ku makwerero anadutsa pamene panali diso lija. Mkulu wa sitima anali atakanikiza nkhope pa chitolirocho, akuzungulira nacho pang'onopang'ono. Apa m'pamene a Zuze anamvetsa kuti m'mawa uja munthuyu anawaona. Anaona ochapa malaya, anaona wophika ndi mbalame zake, mwina anaonanso mnyamata wa chitini cha penti. Anayang'ana mokwanira, kenako analamula.

Dzuwa litapendeka anatumphuka, n'kulipeza boti la anzawo lija. Anawatsitsiramo, n'kuponyamo chigubu cha madzi ndi zitini za chakudya. Mkulu wa sitima uja analoza ndi dzanja kumene kunali mtunda. Wa ndevu zofiira anakweza dzanja. A Zuze sanakweze lawo, ndipo anandiuza kuti masiku ena amaona kuti anachita bwino, masiku ena ayi.

Mwendo utapola anakhala zaka zingapo pa doko la Beira akunyamula katundu. Kumeneko ndiko anaphunzira za zikopa ziwiri ndi mabatire, pofunsa amakanika a sitima aliyense amene akanalola kufunsidwa. Ankaganiza kuti akadziwa mmene chinthucho chinapangidwira, adziwanso chifukwa chake. Anati amene anachipanga anaganizira zonse, mpweya, madzi, kulemera kwa mbatata, malo a munthu aliyense, ndipo nzeru zonsezo anazisonkhanitsa kuti munthu athe kupha mnzake osaonekera. Koma chinanso chimene chinawasunga ku Beira chinali mantha obwerera okha. Atafika ku Zumbo, amayi awo anamva nkhani yonse osalira, kenako anafunsa kuti manda ali kuti. Manda kunalibe. Anakumba dzenje, n'kuikamo thunthu la nthochi lokulunga mu nsalu ya Alufandika, kuti mayiyo akhale ndi poti azikalira. Patapita zaka, nkhondo ya ku Mozambiki itafika m'midzi yawo, a Zuze anaolotsa banja kudzakhala kuno, ndipo manda a nthochi aja anatsala kutsidya.

Nditamva zimenezi m'pamene ndinamvetsa nkhani ina imene apongozi aakazi ankaikamba mwamantha. M'zaka zimene asilikali anali ambiri m'mbali mwa mtsinje uno, ena anazolowera kupha nsomba poponya mabomba a m'manja m'madziwe. Tsiku lina a Zuze anapalasa bwato lawo n'kukaliimika pakati penipeni pa dziwe, msilikali ali kale ndi bomba m'manja. Anawakalipira kuti achoke. Iwo anatenga ukonde wawo wonse wa nsomba n'kuuponya pamtunda.

"Tengani izi mudye, ana anga. Koma icho musaponye. Simudziwa mmene chimamvekera kwa amene ali pansi."

Msilikaliyo anawatukwana kuti ndi mdala wamisala, koma anatola nsombazo n'kupita. Usiku wake banja linagona ndi ndiwo zamasamba, ndipo apongozi aakazi sanawalankhule sabata yathunthu.

Chaka chawo chomaliza, Tonyo anabwera kuchokera ku Lusaka, kumene amayendetsa malole. Anali atasunga mu foni kanema wa sitima ya mtundu womwewo, imene azungu anaikokera pamtunda kuti anthu azilowamo kukaona. Ndinkaopa kuti ziwadwalitsa, koma iwo anati abweretse. Anaigwira foniyo pafupi ndi maso, pakuti anali atayamba kuchita khungu. Anthu a m'mudzi anaunjikana kumbuyo kwawo, ena mwa iwo omwe aja ankaseka. Apongozi sanatembenuke kuti awaone. Ankangoloza ndi chala: chitseko chobulungira, timabedi, makwerero.

"Ndi yomweyo. Koma aisambitsa kwambiri. Ndipo fungo mulibe."

Munthu wa mu kanemayo ankalankhula Chingerezi, Tonyo n'kumamasulira. Pena anaima kaye n'kuyang'ana agogo akewo.

"Asekulu, akuti anyamata amene ankayenda m'sitima izi, ambiri sanabwerere kwawo. Zinamizidwa, iwo ali m'kati momwemo."

"Ambiri?"

"Ambiri, asekulu."

"Nanga wa ndevu zofiira?"

"Sangadziwe. Dzina lake munalimva?"

Sanalimve. Anabweza foni, ndipo anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Ine ndinatsala ndikusenda masau pafupi. Ndiye anakamba, osati kwa ine kwenikweni.

"Zaka zonsezi ndimamuona ali nkhalamba ngati ine, ali ndi adzukulu, akudya bwino kwawo. Ndimamukwiyira chifukwa cha zimenezo. Kansi mwina ali pansi pomwepo ndi Alufandika. Ndiye kuti amayi ake nawonso anaika nthochi."

Sananene kuti akhululuka, ndipo ine sindiwaikira mawu m'kamwa, poti anakana kale kuti wina awamalizire nkhani yawo. Chimene ndinaona n'chakuti kuyambira tsikulo, popemphera asanadye, pambuyo pa dzina la Alufandika ankaima pang'ono, kadanga kokwana dzina limodzi, kenako n'kupitiriza.

Anamwalira nyengo yotentha, masana, atagona pamphasa. Sanafere m'nyumba, chifukwa chitulukireni m'sitima ija m'nyumba sankagonamo. Luwizi anawamangira chipinda cha njerwa ndi malata, koma iwo anachipereka kwa nkhuku ndi matumba a chimanga. Malo awo anali chisakasa cha kuseri kwa khitchini: mizati inayi ya mopane, denga la udzu, makoma ayi. Ngakhale mu Juni, mphepo ya kumtsinje ikuluma, ankangowonjezera bulangete.

Chisakasacho chikadalipo. Udzu wa mbali ya kum'mawa wayamba kuthothoka, ndipo Luwizi akuti adzafolera mvula isanagwe, koma sindidziwa kuti afolerera yani. Pansi pali malo osalala, olimba, pamene mphasa inakhala zaka zonse zija, ndipo udzu sunayambe kumerapo. Pa mzati umodzi pali msomali wopanda chopachikapo. Mbuzi zimabwera kudzabisala dzuwa, koma zimagona m'mphepete, pakati zimasiya. Ndimasesapo m'mawa uliwonse. Ukaima pamenepo palibe chokutchinga mbali iliyonse: mphepo imalowa uku n'kutulukira uko, ndipo kumwamba kumaoneka pozungulira ponse.